Magazi a Bambo Ake

Tinafika ku Lilongwe pa lole ya boma, titakhala pamwamba pa katundu wathu pamodzi ndi makabati a mafaelo a ku ofesi ya amuna anga. Inali nthawi imene likulu linkasamuka kuchoka ku Zomba, ndipo maofesi ankanyamulidwa pang'onopang'ono, lero awa, mawa awo. Amuna anga ankajambula mapu mu ofesi yoona za malo. Kwawo kunali kumpoto, kumapiri. Ine kwathu ndi konkuno, mudzi wina wa kumadzulo kwa tauni, choncho kwa ine kusamukako kunali ngati kubwerera kwathu. Ndinali ndi pakati, ndipo tinali ndi mwana mmodzi yekha, wamkazi, amene anali atangoyamba sitandade fili.

Nyumba zimene anatilonjeza zinali zisanathe. Tinapeza zipinda ziwiri ku Area 4, kuseri kwa nyumba ya telala wina, ndipo amuna anga ankapalasa njinga m'mawa uliwonse kupita ku City Centre, kudutsa m'tchire ndi m'misewu yongolambulidwa kumene. Ankabwerako ali psuu ndi fumbi la malole onyamula njerwa. Mwana wathu ankawachingamira pamsewu, n'kulandira njingayo, n'kumaikankha yekha mpaka pakhonde, ngakhale inali yaitali kumuposa. Ankawatchula kuti adada, monga amachitira kwawo kwa bambo ake.

Matenda anayamba ndi mikwingwirima m'miyendo. Ndinkati ndi fulaye, chifukwa mwanayo ankakonda masewera, ndipo mpira wa anzake unali wansanza zomanga zolimba. Kenaka panatuluka timadontho tofiira m'akakolo ndi pachifuwa, ngati walumidwa ndi utitiri. Ndinachapa zofunda zonse ndi madzi otentha, koma timadonthoto tinangochuluka. Tsiku lina aphunzitsi ake anandiitanitsa kusukulu. Ananditengera kuseri kwa kalasi, n'kundifunsa motsitsa mawu.

"Mayi, mundikhululukire. Kodi mwanayu kunyumba mumam'menya ndi chiyani?"

Ndinabwerera kunyumba ndikulira ndi manyazi. Mwana ameneyo sitinam'khudzepo ngakhale ndi kamtengo.

Patangopita masiku ochepa dzino lake logwedera linazuka akudya chinangwa. Anabwera nalo m'manja akuseka, magazi ali m'milomo. Ndinam'patsa madzi amchere kuti achukuche, ndinam'lumitsa kansalu. Kansaluko kananyowa, ndinasintha kena, nakonso kananyowa. Dzuwa linafika pamutu magazi akungotuluka, osati mothamanga ayi, koma osaleka, ngati mpopi wosatseka bwino. Pamene bambo ake ankafika madzulo, mwanayo anali atasiya kuseka kalekale, milomo itayera. Tinam'kweza panjinga kupita naye kuchipatala cha m'tauni.

Dokotala amene anatilandira anali Mmalawi mnzathu, wachinyamata, wongobwera kumene kuchokera kumaphunziro kunja. Anam'tenga mwanayo magazi pachala, ndipo m'mawa mwake anatiitanira m'kachipinda kake. Analankhula Chichewa, akuyang'ana ine, kuti nanenso ndimve.

"M'magazi mwa munthu muli timbewu tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso," anatero. "Munthu akadzicheka, timbewuti timathamangira pabalapo, n'kugwirana, n'kutseka, monga mmene mumamatira chiboo cha ndowa ndi phula. Mwana wanuyu timbewuti tatsala pang'ono kum'thera. Timapangidwa m'kati mwa mafupa, ndipo mafupa ake aleka kugwira ntchito imeneyo."

"Achira?" anafunsa amuna anga.

"Ena mafupa awo amadzukanso okha. Ena ayi. Ntchito yathu ndi kum'sunga ndi moyo kuti tione. Koma magazi a m'firiji sangam'thandize kwenikweni, chifukwa timbewuti sitipirira kuzizira. Pakufunika magazi otentha, ochoka mwa munthu lero, n'kulowa mwa mwanayu lero lomwe."

Ine ndinatambasula mkono nthawi yomweyo. Dokotalayo anayang'ana mimba yanga, n'kupukusa mutu. Anayeza amuna anga, ndipo magazi awo anagwirizana ndi a mwana.

Ndinawaperekeza m'chipinda chotengera magazi. Anawagoneka pabedi lalitali, anawamanga lamba pamkono, namwino n'kulowetsa singano yaikulu mumtsempha. Magazi ankayenda m'kapaipi kupita m'botolo lagalasi limene linali pansi. Amuna anga sanayang'ane kumbali monga amachitira ena. Ankayang'anitsitsa botololo mpaka linadzaza, kenaka anapempha kuti aligwire. "Likutentha," anatero, ngati akudabwa. Anawapatsa tiyi wa shuga wambiri, ndipo botolo lija linapita molunjika ku wodi ya ana.

Zimene ndinaona tsiku lotsatira sindidzaziiwala. Magazi a m'kamwa analeka. Milomo inabwerera mtundu wake. Mwanayo anakhala tsonga, anadya phala lonse, n'kuyamba kufunsa ngati anzake afika kale pa masamu ogawa. Amuna anga anatuluka panja, anakaima kuseri kwa mtengo wa bulugamu, ndipo nditawatsatira ndinapeza akupemphera m'chinenero chakwawo.

Dokotala anawapeza pomwepo. "Bambo, inu mwapereka gawo lanu. Thupi lanu lifunika miyezi kuti libweze zimene tachotsa. Musabwerenso. Koma timbewu tija sitikhalitsa, pakangopita masiku ochepa mwanayu adzafunanso ena. Kapezeni anthu."

Ndinakwera basi kupita kumudzi kwathu. Ndinali ndi alongo anga atatu, amuna amphamvu, olima fodya, ndipo m'njira monse ndinkadziuza kuti nkhani yatha. Ndinawapeza m'chigafa akusoka fodya. Anandimvetsera mpaka kumapeto, osandidula. Kenaka onse anayang'ana achimwene aakulu.

"Mlongo wanga, mwanayo ndi wathu, ndife eni ake," anatero achimwene. "Ukafuna mbuzi, tenga. Ukafuna chimanga, nkhokwe ndi iyo. Koma zimene zikumveka m'tauni mwanumo si zabwino. Anthu akuti magazi amene akutengedwa m'zipatala sapita kwa odwala, akugulitsidwa kunja kuti nyumba zazitali zija zimangidwe."

"Achimwene, ndinaona ndi maso angawa botolo likuchoka kwa alamu anu kupita kwa mwana."

"Limenelo unaliona. Nanga enawo? Azakhali athu anawasamutsa m'minda mwawo, manda a makolo anatsala m'kati mwa mzinda. Minda anatenga, tsono ayambe ndi magazi omwe?"

Sanali anthu ouma mtima. Anali ndi mantha enieni, ndipo masiku amenewo mantha otere munthu sankawanena mokweza. Anandipatsa nkhuku ziwiri ndi thumba la mtedza, n'kundiperekeza kukakwera basi. Nkhukuzo zinkalira pamiyendo panga njira yonse.

Ku ofesi nako sikunayende. Anthu anali obalalika, ena mabanja awo adakali ku Zomba, aliyense ali ndi mavuto ake a nyumba. Anabwera anzawo awiri. Wina magazi ake sanagwirizane, wina anapereka kamodzi. Ndinawauza amuna anga kuti akanene kutchalitchi, kumene kunkasonkhana anthu ambiri akwawo. Anakana. Anali munthu wosakonda kupempha, ndipo kutchalitchiko tinali alendo. "Tangofika kumene," anatero, "ndiye tiyambe ndi kupempha magazi a anthu?"

Monga ananenera dokotala, mphamvu ija inatha. Mwanayo anayamba kamfuno, ndipo anam'tseka mphuno zonse ndi thonje, n'kumapumira m'kamwa. Mikwingwirima inatuluka ngakhale pamene pankangogunda chitsulo cha bedi. Tsiku lina masana ndili pambali pake, ndinaona namwino akubwera ndi botolo latsopano. Ndinafunsa kuti wapereka ndani. Anati bambo ake aang'ono a mwanayu. Mwana wathu analibe bambo aang'ono ku Lilongwe.

Ndinawapeza amuna anga atakhala pabenchi panja, atapinda mkono wamanzere. Poyamba paja anapereka wamanja. Anali atadikira tsiku limene m'chipinda chija munali namwino wina wosawadziwa.

"Bambo, mwachita chiyani? Dokotala anati chiyani?"

"Dokotala ali ndi mwana m'wodimo?"

"Mukadwala inu, ine nditani ndi awiri, wina ali m'mimba?"

"Amayi, ine ndine wamkulu, magazi ndili nawo ambiri. Iye ndi kamwana. Musanene kwa munthu."

Ndinawachonderera kuti kakhale komaliza, ndipo anavomera. Koma anabwereranso, osandiuza, ndipo kenaka anabwereranso. Chipatala chinali chodzaza ndi anthu ovulala kumalo omanga, anamwino ankasinthana, ndipo munthu wovala tayi akabwera yekha kudzapereka magazi, panthawi imene ena onse ankathawa, ankamulandira ndi manja awiri.

Ndinkawaona akutha. Zikhatho zawo zinayera ngati za munthu wochapa tsiku lonse. Pachitunda chochokera kumlatho, pamene kale ankakwera akuimba nyimbo, anayamba kutsika n'kumakankha njinga, akupumira m'mwamba. Ankati akumva mtima ukugunda m'makutu. Koposa zonse linali litsipa. Ntchito yawo inali ya timizere ting'onoting'ono, ndipo ankati mutu ukayamba, mizere ya pamapu imaoneka iwiriiwiri. Anagula botolo la asipirini m'sitolo ya mmwenye ku Area 2, n'kumamwa m'mawa, masana ndi madzulo kuti athe kugwira ntchito. Anali mankhwala wamba, opezeka m'nyumba iliyonse. Palibe amene akanawaganizira kanthu. Ndinaona kuti pamene panalowa singano pankachedwa kuuma, mpaka kudetsa malaya, ndipo mkono wonse unada kuyambira pachigongono kutsika, koma tonse tinkati ndi chifukwa chobayidwa kawirikawiri.

Tsiku lina chakumasana ndikuchapa matewera amene ndinkakonzera wobwerayo, panafika mesenjala wa ku ofesi pa njinga. Anati abwana agwa pamasitepe a nyumba yatsopano ya maofesi, amenya mutu, awatengera kuchipatala pa galimoto ya boma.

Ndinawapeza atatsitsimuka, atagona pamachira, namwino akukanikiza nsalu pachipumi pawo. Bala lake silinali lalikulu, koma linkangonyowetsa nsalu ina ndi ina, monga linkachitira dzino la mwana. Dokotala uja anabwera, anawapinda manja a malaya, anaona mikono yonse iwiri. Analankhula ndi mkwiyo.

"Bambo aang'ono aja ndinu?"

Amuna anga anayang'ana kumbali.

"Mukanafa. Mukudziwa? Mtima wanu ukupopa madzi. Tikanakhala ndi maliro awiri." Anayang'ananso bala lija. "Nanga ili likukaniranji kuuma? Mukumwa mankhwala anji?"

"Palibe. Asipirini basi, wa mutu."

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira pamene ndinapereka kachiwiri."

Dokotalayo anakhala pansi pampando. Mkwiyo uja unam'thera, ndipo ndinaona kuti akusankha mawu. Anati asipirini amagonetsa timbewu tija totseka bala. Timakhalapo ndithu m'magazi, koma sitigwirana, ndipo timakhala choncho kwa masiku angapo munthu atamwa. N'chifukwa chake munthu wopereka magazi otere amayenera kukhala asanamwe mankhwalawo.

Amuna anga anadzuka pang'ono, nsalu ili pamutu. "Ndiye kuti magazi onse amene ndakhala ndikum'patsa mwana wanga..."

"Anam'patsa mphamvu. Anam'sunga. Zimenezo n'zoona."

"Koma sankatseka."

"Sankatseka bwino ayi," anatero dokotala. "Koma mundimvetse, bambo. Matenda a mwanayu ali m'mafupa mwake. Simunawabweretse ndinu, ndipo si asipirini amene akum'dwalitsa."

Amuna anga anagonanso, n'kutembenukira kukhoma. Anawagoneka m'wodi ya amuna.

M'mawa mwake linali Loweruka. Sindinapemphe chilolezo kwa munthu. Ndinakwera basi mpaka ku City Centre, kuchoka apo ndinayenda wapansi kupita ku Area 10, kumene kunkakhala mkulu wa ofesi ya amuna anga, amenenso anali mkulu wa mpingo kutchalitchi kuja. Ndinali ndisanafikeko. Misewu yake inali yotakata, yopanda munthu woyenda pansi, mitengo yongobzalidwa kumene yosapereka mthunzi. Nyumba zinali patalipatali, iliyonse mumpanda mwake, ndipo ndikagogoda pageti ankayamba kuyankha ndi agalu. Miyendo inali itatupa. Mlonda wina wachikulire, nditam'fotokozera, anasiya geti lake n'kundiperekeza mpaka panyumba ya mkuluyo.

Akazi awo anandilowetsa, anandikhazika pampando wofewa, ine fumbi lili m'miyendo. Mkuluyo anabwera ali ndi nyuzipepala m'manja. Ndinagwada pansi, ndinafotokoza zonse, ndi za bambo aang'ono zomwe. Anavula magalasi.

"Mwamuna wanuyu, mwana wakwathu, wakhala akugwira ntchito pakhomo panga penipeni masiku onsewa," anatero. "Ndinkamufunsa kuti mwana ali bwanji, iye n'kumati akupezako bwino. Chifukwa chiyani sananene? Dzukani, amama, musagwade."

Ananditengera pa galimoto yawo kubwerera kuchipatala, ndipo iwo eni anavula jekete n'kuyezetsa. Magazi awo sanagwirizane. Koma Lamulungu analengeza m'tchalitchi, ndipo mapemphero atatha anthu anabwera ali m'zovala zawo za kutchalitchi, amuna m'masuti, amayi atanyamula mabuku a nyimbo, n'kundanda pakhonde la chipatala. Ambiri sindinkawadziwa n'komwe. Dokotala ankafunsa aliyense payekha ngati wamwa mankhwala a mutu sabata imeneyo, ndipo amene anavomera ankawabweza. Anapezeka angapo ogwirizana, anawagawira masiku oti azibwera mosinthana.

Mwana analandira magazi abwino, ndipo kamfuno kanaleka. Bambo ake atayamba kuyenda, ankachoka kuwodi kwawo atagwira khoma, n'kudzakhala pambali pa bedi lake. Tsiku loyamba mwanayo anayang'ana pulasitala wa pachipumi pawo, anayang'ana mkono wakuda uja, n'kufunsa ndi mantha:

"Adada, nanunso mwayamba?"

"Ayi, mama. Ine ndinangogwa pamasitepe."

"Ndakupatsirani ine?"

"Ayi. Matenda akowa sapatsirana. Gona."

Anam'jambulira papepala nyumba imene tinkayembekezera kulandira, zipinda zake, khomo, ndi pamene padzakhale bedi lake. Mwanayo anati akufuna zenera loyang'ana kumsewu. Bambo ake anafufuta n'kulisuntha.

Tinakhala ndi chiyembekezo pafupifupi sabata ziwiri. Koma dokotala akayeza, ankapeza kuti mafupa aja sakudzuka. Magazi a anthu ankalowa, n'kutha, ngati madzi othira pamchenga. Tsiku lina chakumadzulo, dzuwa likadalipo, mwanayo anati mutu ukum'pweteka kwambiri. Anasanza. Kenaka anayamba kulankhula zosamveka, diso limodzi litatembenuka. Dokotala anati magazi akuchucha m'kati mwa mutu, ndipo kumeneko kunalibe dzanja lokafikako. Anagona osadzukanso. Anatisiya m'mawa mwake, anzake akupita kusukulu, bambo ake atam'gwira phazi chifukwa manja onse anali ndi mapaipi.

Ndikutuluka m'wodimo ndi amayi a kutchalitchi atandigwira, ndinaona achimwene aakulu pageti la chipatala, atatsamira njinga, ali ndi alongo anga ena aja. Anali atanyamuka kumudzi m'bandakucha. Nkhani ya kugwa kwa alamu awo inali itawafika, ndipo anakhala akukangana masiku angapo mpaka anagwirizana zobwera. Achimwene anali atapindiratu dzanja la malaya. Atamva kulira kwathu anamvetsa, anagwetsa njinga, n'kukhala pansi pafumbi pomwepo.

Kumpoto kunali kutali, ndipo amuna anga sakanatha ulendowo. Tinakaika kumudzi kwathu. Alongo anga ndi amene ananyamula bokosi, ndipo sanalole kuti wina awalandire mpaka kumanda. Amuna anga ankayenda pambuyo atagwiridwa mbali zonse ziwiri. Abale awo anafika mwambo utatha kale. Pakati pa amuna anga ndi achimwene sipanatuluke mawu oipa, tsiku limenelo kapena lina lililonse, koma sanakhalenso pamphasa imodzi n'kucheza monga kale.

Thupi la amuna anga linabwerera patapita miyezi. Zikhatho zinafiiranso, njinga anayambanso kukwera nayo chitunda. Koma mawu a dokotala akuti si asipirini sanawalowe. Dokotalayo anachita kubwera kunyumba kwathu tsiku lina kudzawauzanso, kuti ngakhale akanalandira magazi abwino kuyambira pachiyambi, mapeto akanakhala omwewo. Amuna anga anam'thokoza mwaulemu, anam'perekeza mpaka pamsewu, ndipo pobwera anandiuza kuti, "Akungotitonthoza." Sankalira pamaso pa anthu. Ankangokhala pakhonde akaweruka, osavula nsapato, mpaka ndiwaitane kawiri katatu.

Ndinabereka mwana wamwamuna mvula itayamba. Nyumba ija tinalandira iye akukwawa. Bambo ake ankamukonda, koma mwamantha. Ndikamamusambitsa ankabwera kudzaima pambali, n'kumutembenuza, kuyang'ana m'akakolo, pachifuwa, m'kamwa. Kachiphuphu kalikonse ankakadina ndi chala kuti aone ngati kakuzimirira.

Atayamba kuyenda, tsiku lina Loweruka masana anathamangira nkhuku pabwalo, anapunthwa, n'kugwera pa njerwa yosweka imene omanga anasiya. Bondo linang'ambika. Tonse awiri tinathamanga, koma titafika pamene anali, palibe anamunyamula. Tinagwada, wina uku wina uku, maso ali pabondopo. Mwanayo ankalira atatambasula manja kuti timutenge, ife tikungoyang'ana magazi akutsika pamwendo. Anatsika mpaka pakakolo. Kenaka anayamba kuchedwa, anada, n'kuima.

Mayi wa nyumba yoyandikana nafe, amene sankadziwa mbiri yathu, anakuwa ali kuseri kwa mpanda: "Inu anthu inu, mwatani kodi? Nyamulani mwanayo!"

Amuna anga ndi amene anamunyamula. Analowa naye m'nyumba, ine ndinapita kukatereka madzi otsukira balalo.